AMTI: Tsamba Loonetsa Mmene Nyanja Imalandidwira Popanda Kulengeza Nkhondo

Munthu akatsekula tsamba la pa intaneti la Asia Maritime Transparency Initiative, limene ambiri amangolitchula mwachidule kuti AMTI, n'kupita pamene pali zithunzi za Mischief Reef, malo okanganirana pa zilumba za Spratly m'nyanja ya South China Sea, choyamba chimene amaona ndi mkombero wa matanthwe obisika pansi pa madzi, wooneka ngati mphete yogwera m'nyanja. Pa zithunzi zakale palibe mtunda weniweni, pali tinyumba towerengeka timene dziko la China linaimika pamwamba pa madzi litalanda malowa mu 1995. Pa zithunzi za mu 2015 madzi a m'kati mwa mkomberowo avunduka, ndipo sitima zokumba mchenga zandandalikana, iliyonse ikukoka chipayipi chachitali cholavulira mchenga pamwamba pa matanthwe aja. Patangopita zaka zochepa, malo omwewo akuoneka ali ndi msewu wonyamukira ndege wotalika pafupifupi mamita 2,700, nyumba zosungiramo ndege zankhondo, doko, ndiponso nsanja za radar zokhala ndi madenga oyera ozungulira. Ndaziyang'ana zithunzi zimenezi kangapo konse, ndipo nthawi iliyonse chimene chimandigwira mtima n'chakuti zonsezi zinachitika popanda kumveka kulira kwa mfuti ngakhale imodzi.

AMTI ndi ntchito ya bungwe la Center for Strategic and International Studies (CSIS), lofufuza za ndale ndi chitetezo, limene likulu lake lili ku Washington, ndipo inayamba mu 2014. Aliyense angathe kuwerenga zimene zili patsambali kwaulere. Eni ake amagula zithunzi za setilaiti kwa makampani amalonda, amazisanthula, n'kuziika poyera pamodzi ndi mapu ndi nkhani zofotokoza zimene zikuchitika pa nyanja za ku Asia, makamaka pa South China Sea, ngakhale kuti amakhudzanso mkangano wa Japan ndi China pa zilumba zimene a ku Japan amazitcha Senkaku pomwe a ku China amazitcha Diaoyu. Funso limene ndinali nalo poliyesa tsambali linali limodzi: kodi lingathandize munthu wamba, amene si msilikali kapena kazembe, kumvetsa mkangano wa malire a panyanja ndi kuona mmene mayiko amphamvu angayankhirane? Pa mbali yoyamba ya funsoli tsambali limakhoza koposa, koma pa mbali yachiwiri limafuna wowerenga wochenjera.

Gawo lamtengo wapatali kwambiri ndi limene amalitcha Island Tracker, lomwe ndi kaundula wa malo onse amene dziko lililonse lakhazikapo anthu kapena asilikali ake. Malinga ndi kaundulayu, dziko la China lili ndi misasa 20 pa zilumba za Paracel ndi misasa 7 pa zilumba za Spratly, kuwonjezera pa Scarborough Shoal, malo amene lakhala likuwalamulira kuyambira mu 2012 ngakhale silinamangepo kanthu. Dziko la Philippines lili ndi malo 9, Malaysia 5, Taiwan ali pa Itu Aba, ndipo Vietnam ndi amene ali ndi malo ochuluka kuposa onse pa zilumba za Spratly. Pa malo alionse pali zithunzi zokhala ndi madeti ake, ndipo pali mayina onse amene mayiko okanganawo amatchulira malowo. Kanthu aka ka mayina kangaoneke kakang'ono, koma n'kofunika kwambiri, chifukwa pa mkangano wa malire dzina ndi umboni wa umwini. Malo amene Chingerezi chimawatcha Mischief Reef, a ku Philippines amati Panganiban, a ku China amati Meiji Jiao, ndipo munthu wowerenga nkhani za mbali imodzi yokha angathe kutha chaka osadziwa kuti akuwerenga za thanthwe limodzi lomwelo.

Ubwino wina umene sindinauyembekezere ndi mmene tsambali limalumikizira chithunzi ndi lamulo. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja, limene linasainidwa mu 1982 ku Montego Bay m'dziko la Jamaica n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994, limapatsa dziko lililonse la m'mbali mwa nyanja madzi akeake otalika mamailosi a panyanja 12 kuchokera kugombe, ndiponso chigawo cha mamailosi 200 mmene nsomba, mafuta ndi gasi zimakhala za dzikolo. Koma panganoli limasiyanitsa mitundu ya malo a pakati pa nyanja. Chilumba chenicheni, choti anthu angakhalepo n'kumadzipezera zofunika pa moyo, chimabala mamailosi 200 akeake. Thanthwe limene limakhalabe pamtunda nyanja ikadzaza, koma loti silingasunge anthu, limabala mamailosi 12 okha. Malo amene amangooneka madzi akaphwera n'kumiranso nyanja ikadzaza sabala madzi akeake ayi, ndipo kuthirapo mchenga ndi simenti sikusintha chikhalidwe chake pamaso pa lamulo, popeza chilumba chochita kumanga chimangololedwa kampata ka chitetezo kosapitirira mamita 500. Munthu akamvetsa zimenezi, zithunzi zakale zija, zoonetsa matanthwe asanakwiriridwe, zimasanduka umboni wa mlandu, chifukwa ndi zimene zimasonyeza chimene chinalipo mchenga usanathiridwe.

Mlanduwo unachitikadi. Mu Januwale 2013 dziko la Philippines linakasumira dziko la China motsatira panganoli, ndipo pa 12 Julayi 2016 bwalo la oweruza limene linakhala ku The Hague linapereka chigamulo chake. Linagamula kuti mzere wa timizere 9 umene China imajambula pa mapu ake, wozinga pafupifupi nyanja yonseyo, sungakhale maziko a umwini wa chuma cha m'nyanja pansi pa panganoli. Linagamulanso kuti pa zilumba zonse za Spratly palibe ngakhale chimodzi, kuphatikizapo Itu Aba chimene ndi chachikulu mwachilengedwe kuposa zonse, choyenera mamailosi 200, ndiponso kuti Mischief Reef ndi Second Thomas Shoal ndi malo omira nyanja ikadzaza, amene ali m'chigawo cha chuma cha Philippines. Dziko la China linakana kutenga nawo mbali pa mlanduwo, ndipo mpaka lero limati chigamulocho n'chopanda mphamvu. Tsamba la AMTI lili ndi kaundula wa mayiko amene anena poyera kuti chigamulocho chilemekezedwe, amene anangochivomereza mwa mawu ozungulira, ndi amene anachitsutsa. Ndimaona kuti kaundula ameneyu ndi wothandiza kuposa mmene amaonekera, chifukwa amasonyeza kuti mlandu suola: mayiko ena amene mu 2016 analankhula mozemba anadzalimba mawu patapita zaka, ndipo kusuntha kumeneku ndi yankho lakelake la mayiko, ngakhale silimveka ngati mzinga.

Pali gawo lina limene limakopa maso kuposa onse, ndipo ndi pomwe ndikufuna kuchenjeza. Awa ndi mapu oonetsa kutalika kumene radar, mizinga ndi ndege zankhondo za China zingafike kuchokera pa misasa yake, makamaka itatu ikuluikulu ya Fiery Cross, Subi ndi Mischief, pamodzi ndi Woody Island ku Paracel. Munthu akayatsa mikombero yonse nthawi imodzi, nyanja yonse imaphimbika, ndipo mtima umafulumira kuganiza kuti nkhondo yaikulu ili pakhomo. Mapuwa sanama. Ndi oonadi kuti zimene zinamangidwa pamenepo ndi zankhondo, ngakhale kuti mu Seputembala 2015 Pulezidenti Xi Jinping, ataima pafupi ndi Pulezidenti Barack Obama ku Washington, ananena kuti dziko lake linalibe cholinga chosandutsa zilumba za Spratly malo a asilikali. Koma mkombero wa pa mapu umangonena kumene chida chingafike. Sunena ngati mwini wake angachigwiritse ntchito, kapena mtengo umene angalipire akatero. Wowerenga amene angayang'ane mapu amenewa okha adzachoka ali ndi chithunzi cha nkhondo imene siinachitike, n'kuphonya nkhondo yamtundu wina imene ikuchitika tsiku ndi tsiku.

Nkhondo ya tsiku ndi tsikuyo imapezeka m'malipoti osakopa maso kwenikweni, amene amawerenga masiku amene sitima za asilikali olondera gombe a China zakhala pa malo monga Scarborough Shoal, Second Thomas Shoal, Luconia Shoals kufupi ndi Malaysia, ndi Vanguard Bank kufupi ndi Vietnam. Powerenga masikuwa amagwiritsa ntchito zizindikiro za AIS, zimene sitima zikuluzikulu zimaulutsa kuti zidziwike pamene zili, ndipo amaziphatikiza ndi zithunzi za setilaiti. Amawerenganso maboti ooneka ngati a asodzi koma osaponya ukonde, amene amamangana m'mizere n'kukhala malo amodzi kwa milungu. Mu Malichi 2021 boma la Philippines linalengeza kuti laona maboti otere opitirira 200 pa Whitsun Reef, ndipo China inayankha kuti anali asodzi othawa namondwe. Pa chithunzi cha setilaiti amaoneka ngati timbewu toyera tondandalikidwa mwadongosolo pa madzi abata. Apa ndiye tsambali limagwira ntchito imene kale inkatheka ndi akazitape a maboma okha: limalola munthu aliyense kuyerekeza zimene boma lanena ndi zimene maso akuona.

Kuti timvetse mmene mayiko olimbanawa angayankhirane, nkhani ya Second Thomas Shoal ndi yoyenera kuikhalira pansi. Mu 1999 dziko la Philippines linatsakamiza dala sitima yakale yankhondo, BRP Sierra Madre, pa matanthwe amenewa, n'kuikamo asilikali owerengeka. Sitimayo idakalipo, yadyeka ndi dzimbiri, ndipo kuchokera kumwamba imaoneka ngati kachitsotso kofiirira m'mphepete mwa thanthwe. Asilikali okhalamo amadalira chakudya ndi madzi obwera pa boti, ndipo ulendo uliwonse wowapititsira zinthu unasanduka mpikisano. Sitima za China zakhala zikutseka njira, kupopera madzi amphamvu pa maboti ang'onoang'ono, ndi kuwagunda. Pa 17 Juni 2024 kulimbanako kunafika poipa, moti msilikali mmodzi wa Philippines anaduka chala chachikulu chakudzanja, ndipo mwezi wotsatira mayiko awiriwa anagwirizana njira yongoyembekezera yoyendetsera maulendo amenewa. Sitima yadzimbiriyo ili ngati khoswe wa pamkhate. Idakali m'kaundula wa sitima zankhondo za Philippines, dziko limene lili pa pangano lotetezana ndi United States kuyambira mu 1951, ndipo akuluakulu a ku Washington anena mobwerezabwereza, kuyambira pa mawu a Mike Pompeo, amene anali nduna ya za kunja ya United States, mu Malichi 2019, kuti kuukira ndi zida sitima, ndege kapena asilikali a Philippines pa South China Sea kungadzutse panganolo. Choncho China imakankha mpaka pafupi ndi mzere umenewo koma osaudumpha, ndipo n'chifukwa chake chida chake chachikulu pamenepa chakhala mpope wa madzi m'malo mwa mzinga.

Mayankho a mbali inayo nawonso ndi oyezedwa bwino. Dziko la United States, limene lenilenilo silinavomereze pangano la 1982 ngakhale limati limatsatira mfundo zake za kayendedwe ka panyanja, limatumiza sitima zankhondo kudutsa pafupi ndi malo okanganiranawa pofuna kusonyeza kuti silivomereza malire amene China imanena, monga momwe USS Lassen inachitira pafupi ndi Subi Reef mu Okutobala 2015. Pansi pa mgwirizano wa mu 2014 asilikali ake amaloledwa kugwiritsa ntchito misasa ina ya Philippines, ndipo mu 2023 misasayo inawonjezeka kufika pa 9. Dziko la Philippines lasinthasintha njira: Pulezidenti Rodrigo Duterte anaika chigamulo cha 2016 pambali poyembekezera ubale wa zachuma ndi Beijing, pomwe boma la Pulezidenti Ferdinand Marcos Jr. kuyambira mu 2023 linasankha kutenga atolankhani pa sitima zake n'kumaulutsa makanema a chilichonse chochitika. Vietnam, amene China inamulanda mbali ya zilumba za Paracel imene ankailamulira mu Januwale 1974 pa nthawi ya boma la South Vietnam n'kutayanso asilikali 64 pa Johnson South Reef mu Malichi 1988, salankhula zambiri, koma kuyambira mu 2021 wakhala akukumba ndi kuthira mchenga pa malo ake mwachangu, makamaka pa Barque Canada Reef. Bungwe la ASEAN, la mayiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, linasainirana ndi China chikalata cha makhalidwe abwino mu 2002, ndipo malamulo omanga amene analonjezedwa pamenepo akhala pa zokambirana kwa zaka zopitirira 20.

Nkhani ya Vietnam ndi imene inandithandiza kuyeza chilungamo cha tsambali. Eni ake amanena kuti saima mbali ya dziko lililonse pa nkhani ya umwini wa zilumba, ndipo n'zoona kuti ntchito yothira mchenga ya Vietnam anaiulula ndi zithunzi ndi miyeso, mofanana ndi mmene anachitira ndi maekala pafupifupi 3,200 amene China inapanga pa zilumba za Spratly. Analembanso za kuwonongeka kwa matanthwe a m'nyanja chifukwa cha kukumbako ndiponso chifukwa cha kukolola nkhono zikuluzikulu, osabisa kuti mayiko angapo ali ndi mlandu pa zimenezi. Komabe wowerenga ayenera kukumbukira kumene tsambali likuchokera. Bungwe la CSIS limalandira thandizo la ndalama kuchokera ku maboma ndi makampani, kuphatikizapo opanga zida zankhondo, ndipo limalemba poyera mayina a othandizawo. Izi sizisandutsa chithunzi cha setilaiti kukhala chabodza, koma zimakhudza mafunso amene amafunsidwa. Diso la tsambali limayang'ana kwambiri zimene Beijing ikuchita, ndipo amene akufuna kumvetsa mmene akuluakulu a ku China amaonera sitima ndi ndege za America zimene zimazungulira pafupi ndi gombe lawo ayenera kukafufuzanso kwina. Ndikunena izi chifukwa munthu sangalosere yankho la dziko limene mantha ake sakuwadziwa.

Palinso malire a zipangizo zenizenizo. Setilaiti imajambula kamphindi kamodzi, mitambo imaphimba nyanja kwa masiku, ndipo sitima imene sikufuna kuoneka imangozimitsa AIS. Olemba malipoti amavomereza okha kuti ziwerengero zawo zikhoza kukhala zochepera pa zenizeni, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha zimenezi. Tsambali si nyuzipepala, choncho silithamangira nkhani ya lero. Pamene sitima ya asilikali a panyanja a China inagundana ndi sitima ya olondera gombe a dziko lomwelo pafupi ndi Scarborough Shoal pa 11 Ogasiti 2025, ikuthamangitsa sitima ya Philippines, dziko lonse linaona ngoziyo kudzera pa kanema wojambulidwa ndi anthu amene anali pamalopo. Ngozi yotere ndi imene imandidetsa nkhawa kuposa mikombero ya mizinga ija, chifukwa palibe mapu amene angalosere tsiku limene woyendetsa sitima adzachedwe kukhota, munthu n'kufa, atsogoleri n'kupezeka kuti akakamizika kuchita zimene sanakonzekere. Pulezidenti Marcos ananena ku Singapore mu 2024 kuti nzika ya dziko lake itaphedwa mwadala pa kulimbana kotere, zingakhale pafupi kwambiri ndi kuyambitsa nkhondo, ndipo chiyambire lamulo la mu 2021 lololeza olondera gombe a China kugwiritsa ntchito zida pa madzi amene Beijing imati ndi ake, mpata wa kulakwitsa kotere wakula.

Pa kagwiritsidwe ntchito, nkhani zambiri n'zolembedwa m'Chingerezi cha akatswiri, chodzaza ndi mawu a zamalamulo ndi zausilikali, moti woyamba kumene angafooke akangolowera pa nkhani zounika. Mapu ndi zithunzi n'zolemera, ndipo zimaoneka bwino pa kompyuta kusiyana ndi pa foni, popeza kusiyanitsa nsanja ya radar ndi thanki yamafuta kumafuna chithunzi chachikulu. Nkhani zolembedwa ndi olemba ochokera kunja kwa bungweli n'zosiyanasiyana pa kulemera kwake, ndipo ziyenera kuwerengedwa monga maganizo a mwini wake. Chimene ndinachisowa kwambiri ndi mawu a asodzi enieni, monga a ku Zambales ndi Pangasinan, zigawo za dziko la Philippines, amene makolo awo ankawedza pa Scarborough Shoal, amene kuyambira mu 2012 akhala akubwezedwa pakhomo pa dziwe limene kale linali pothawira pawo nyanja ikakwiya. Kuchokera kumwamba boti la msodzi ndi kadontho chabe, ndipo njala ya banja lake sioneka pa chithunzi.

Kwa wophunzira, mtolankhani, mphunzitsi, kapena aliyense wofuna kutsatira mkanganowu mozama, ndikulimbikitsa tsambali ndi mtima wonse, koma motsatira dongosolo ili. Ayambe ndi mapu a malire amene dziko lililonse limanena kuti ndi ake, aone pamene mizereyo ikupingasana, kenako asankhe malo amodzi okha n'kutsata zithunzi zake chaka ndi chaka. Malo abwino oyambira ndi Thitu, chilumba chimene a ku Philippines amachitcha Pag-asa, pamene pali kamudzi ka anthu wamba ndi sukulu, ndipo pamtunda wa mamailosi a panyanja osakwana 15 pali Subi Reef ndi msewu wake wa ndege. Akatha pamenepo awerenge malipoti a masiku amene sitima zolondera zakhala pa malo alionse, ayerekeze chaka china ndi chinzake, ndipo mapu a mizinga aja adzawatsekule pomalizira.